Nkhokwe Yachitsulo ya Atsibweni ku Mponela

Mwezi wa June chaka chatha tidasonkhana ku Mponela kukagawana katundu wa atsibweni anga, mzimu wawo uuse mumtendere. Munthu adatha zaka zoposa makumi awiri akujambula maukwati, zinkhoswe, makwaya ndi miyambo ya ziliza kuyambira ku Madisi mpaka ku Malomo, koma chuma chake chonse chidakwana m'masutikesi awiri. Ena adatenga majekete, ena wailesi. Ine adandipatsira kachitsulo kolemera ngati chibenthu cha njerwa, amvekere, "Inu a nyuzipepala, tengani ichi, mwina mudziwa chochita nacho." Pamwamba pake padali kapepala komata ndi selotepi, kolembedwa ndi dzanja la atsibweni: AGOGO 2004, OSAFUFUTA.

Awerengi, kachitsulo kameneka ndi hard drive, nkhokwe imene kompyuta imasungiramo zinthu. Kadafa kalekale, ndipo ine ndidalipo tsiku limene kadafalo. Lero ndati ndikufotokozereni mbiri yake, chifukwa ndikudziwa kuti ambiri a inu kutauni kuno muli ndi makaseti a ukwati wanu m'kabati, ndipo mumagona tulo tabwino poganiza kuti zithunzizo zilipo.

Tiyambe tabwerera m'mbuyo pang'ono. M'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, mbiri idali kusungidwa pakamwa. Amene adayamba kuiika papepala adali alendo. A. C. Murray ndi T. C. B. Vlok a mpingo wa Dutch Reformed adamanga mishoni ku Mvera m'chaka cha 1889, m'dziko la mfumu Chiwere ya Angoni, ndipo m'chaka cha 1894 Robert Blake adatsegula ina ku Kongwe. Adalemba zimene adaona ndi maso awo, zimene sadazimvetse adazisiya kapena kuzitcha zachikunja. Pambuyo pake kudabwera makina. M'chaka cha 1958 Hugh Tracey adafika ku Visanza, dzina lakale la boma la Ntchisi, ndi makina ojambulira mawu, ndipo nyimbo zimene adatola zikusungidwa ku Rhodes University ku South Africa. Mawu athu, nkhokwe ya eni.

Nanga kanema? M'nthawi ya chitaganya kudali Central African Film Unit, imene idakhazikitsidwa m'chaka cha 1948 ku Salisbury, yopanga makanema ophunzitsa anthu akuda kulima ndi kusunga ndalama. Titalandira ufulu m'chaka cha 1964, boma la Kamuzu lidatipatsa wailesi ya MBC koma wailesi ya kanema ayi, ndipo lamulo la 1968 lidapatsa bungwe lounika mabuku ndi makanema mphamvu yoletsa chilichonse chimene silidakonde. Kumudzi kanema ankabwera pagalimoto ya boma, n'kuonetsedwa pabwalo usiku, m'mawa galimoto yapita. Munthu wamba kugwira kamera n'kumajambula anthu akuyankhula zakukhosi, chidali chinthu chodziputira dala mavuto.

Zinthu zidatembenuka ndi riferendamu ya pa 14 June 1993 ndi chisankho cha pa 17 May 1994. Timanyumba toonetsa vidiyo tidamera m'misika ngati bowa, ndipo pa 1 April 1999 Television Malawi idayamba kuulutsa. Pamenepo kwaya iliyonse idafuna kuoneka ikuvina pathanthwe, mkwatibwi aliyense adafuna kudzionera yekha akulowa m'tchalitchi. Atsibweni, amene adali atabwerako ku Joni ndi kamera ya VHS yosenza paphewa, adapeza ntchito.

Kamera ya VHS inali ndi vuto limodzi lalikulu. Kuti ulumikize zithunzi umafunika madeki awiri, ina yoseweretsa, ina yojambula, ndipo ukakopera tepi kuchoka pa inzake zithunzi zimafooka. Kope yachitatu nkhope ya mkwati imaoneka ngati yadzozedwa phulusa. Mankhwala ake adatulukira m'chaka cha 1995, pamene makampani akuluakulu monga Sony ndi Panasonic adayamba kugulitsa makamera a mtundu wa DV. Kamera yotere imalemba chithunzi ngati manambala pa katepi kochepa ngati bokosi la machesi, kotchedwa MiniDV. Ukalumikiza chingwe cha FireWire, manambalawo amalowa m'kompyuta osatayika ndi imodzi yomwe. Kwa azungu zidafika mu 1995, ku Mponela zidafika mu 2003, m'chikwama cha mnzawo wa atsibweni wochokera ku Johannesburg, pamodzi ndi kompyuta yakale imene ofesi ina kumeneko idataya.

Ine nthawi imeneyo ndidali mu Sitandade 8, ndipo ntchito yanga inali kunyamula mabatire ndi kupukuta fumbi. Ndikukumbukira usiku woyamba umene tidathira ukwati m'kompyutamo. Zidayamba bwino. Koma poonera, mkwatibwi ankayenda, kenaka n'kudumpha ngati wapondera minga, abusa pakamwa patsekeka koma mawu akumvekabe. Patapita mphindi zosakwana makumi awiri, kompyuta idangoima n'kukana kupitiriza. Atsibweni adagwira m'chiuno. "Mphwanga, kodi chinthuchi achilodza?"

Sadachilodze. Tamvani masamu ake. Kanema wa kuno kwathu amakhala ndi zithunzi 25 pa sekondi iliyonse. Kamera ya DV imalavula pafupifupi ma megabyte 3.6 pa sekondi, ndiye kuti pafupifupi ma gigabyte 13 pa ola. Hard drive ya m'kompyuta ya atsibweni inali ya ma gigabyte 20, ndipo gawo lina lidali litadyedwa kale ndi Windows 98. Ukwati wa Chimalawi, kuyambira kutchalitchi mpaka pelekanipelekani womaliza, sulephera maola anayi. Amenewo ndi ma gigabyte 52. Zidali ngati kufuna kulonga chimanga cha munda wonse m'lichero.

Komatu tisaiseke hard drive imeneyo. Yoyamba padziko lonse, imene kampani ya IBM idatulutsa m'chaka cha 1956 ndi kompyuta yotchedwa RAMAC, inali yaikulu ngati mafiriji awiri, inali ndi mbale 50 m'kati mwake, koma inkasunga ma megabyte ngati 5 okha. Kanema wa atsibweni sakadakwanamo ngakhale masekondi awiri. Mu 1980 kampani ya Seagate idakwanitsa kuika ma megabyte 5 omwewo m'kabokosi kolowa m'kompyuta ya patebulo. Anthu adayenda mtunda wautali kuti afike pa ma gigabyte 20 aja.

Kukula sikudali vuto lokhalo. M'kati mwa hard drive muli timbale tozungulira mothamanga, ndi kamkono kokhala ndi kamutu kolemba ndi kuwerenga, kamene kamayandama pamwamba pa mbale pampata wochepa kwambiri kuposa tsitsi. Tepi ikamayenda siyembekeza munthu. Mudaonapo amisiri akuponyerana njerwa pomanga nyumba? Wapansi amangoponya, ndipo wam'mwamba akati akande mphuno, njerwa yagwa. Ndi mmene zithunzi zinkatayikira. Hard drive ikachedwa pang'ono pokha, chithunzi chimodzi kapena zitatu zagwa, ndiye mkwatibwi uja n'kudumpha.

Vutoli adayamba kulimbana nalo ndi akatswiri a ku America kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, pamene mapulogalamu ngati Avid, wa 1989, ndi Adobe Premiere, wa 1991, adayamba kulumikiza kanema pakompyuta. Ma hard drive a nthawi imeneyo akatentha, zitsulo zake zinkafutukuka pang'ono, choncho pakapita mphindi zingapo ankaima kaye kanthawi kochepa kudziyeza kuti kamutu kaja kasasochere. Kwa wolemba kalata kanthawi kameneko sikaoneka, koma kwa wojambula kanema ndi tsoka. N'chifukwa chake makampani monga Micropolis adayamba kugulitsa ma hard drive apadera olembedwa kuti AV, amene ankadikira kuti ntchito ithe asanadziyeze, ndipo ankalumikizidwa ndi chingwe chodula cha SCSI. Seagate nayo idatulutsa Barracuda mu 1992, yozungulira ka 7,200 pa mphindi. Pofika m'ma 2000 ma hard drive wamba adali atapola matenda amenewa. Koma kwathu kuno timalandira makina atakalamba, choncho timalandiranso ndi mavuto ena amene eni ake adaiwala kale. Kaunjika sabwera ndi malaya okha.

Paja akuluakulu adati safunsa adadya phula. Atsibweni adayenda maulendo angapo pa msewu wa M1 kupita ku Lilongwe kukafunsa kwa anyamata okonza makompyuta, ndipo zimene adaphunzira adazilemba kuchikuto kwa buku la ngongole. Ndimazikumbukirabe.

Choyamba, gula yozungulira ka 7,200 pa mphindi osati ka 5,400, chifukwa yoyambayo imazungulira ka 120 pa sekondi pamene inayo ka 90. Chachiwiri, kanema akhale ndi hard drive yakeyake, asamalimbirane khomo ndi Windows, popeza kamkono kaja n'kamodzi, sikangatumikire mabwana awiri nthawi imodzi. Chachitatu, usanalipire funsa ngati kompyuta yako idzaione yonse, pakuti makompyuta ena akale ankathera pa ma gigabyte 32, ena pa 137, zotsalazo osaziona ngati kulibe. Chachinayi, yatsa chotchedwa DMA, kuti katundu azipita yekha kunkhokwe osadzera m'manja mwa purosesa. Chachisanu ndi chimene chidaimitsa ukwati uja. Kasungidwe ka mafayilo ka Windows 98, kotchedwa FAT32, sikalola fayilo imodzi kupitirira ma gigabyte 4, amene pa DV ndi mphindi 18 kapena 19. Mankhwala ake adali kudula kanema m'zidutswa, kapena kusamukira ku Windows XP ndi kasungidwe ka NTFS. Chachisanu n'chimodzi, uzisesa m'nkhokwe kawirikawiri, chimene eni ake amati defrag, kuti fayilo ikhale pamalo amodzi osati kumwazikana ngati mbuzi zadambo.

Padalinso kanthu kena kamene sindidzaiwala. Ma hard drive awiri akakhala pa chingwe chimodzi cha IDE, umasuntha kapulasitiki kakang'ono kumbuyo kwake kuti ina ikhale master, ina slave. Atsibweni atamva tanthauzo la mawuwo adakwinya nkhope. Adati iwo ndi mdzukulu wa anthu amene ankaona anzawo akutsitsidwa m'mapiri omwewa kupita kwa Jumbe ku Nkhotakota atamangidwa magoli, choncho m'nyumba mwawo simukhala kapolo ngakhale wachitsulo. Kuyambira tsikulo tinkati wamkulu ndi wamng'ono.

Tsiku losankha lidafika m'nyengo yogulitsa fodya ya 2004. Mlamu wawo atalandira ndalama za mabelo ake ku okushoni ku Kanengo, adawabwereka pang'ono. M'sitolo ina mumzinda wa Lilongwe adawaikira patebulo zinthu ziwiri za mtengo wofanana: hard drive imodzi yatsopano ya ma gigabyte 80, yothamanga, ili m'pepala lake lonyezimira, kapena ziwiri zogwirapo kale ntchito za ma gigabyte 40 iliyonse. Mnyamata wogulitsayo adati, "Bwana, mukatenga ziwirizi, zofunika kwambiri muzisunga pawiri." Atsibweni adaseka. "Achimwene, simudamve kuti mapanga awiri avumbwitsa?" Adatenga yatsopanoyo. Ndipo kunena zoona, malinga ndi malamulo onse asanu ndi limodzi a m'buku la ngongole lija, adasankha bwino. Mkwatibwi sadadumphenso.

Mwezi wa August chaka chomwecho adanditenga kupita kwathu ku Ntchisi, m'mudzi woyang'anana ndi nkhalango ya m'phiri. Adati makina ayamba kumvera, tiyeni tikajambule mayi awo, amene ndi agogo anga. Tidakwera matola, kwinako n'kuyenda pansi, ine nditasenza batire ya galimoto pamutu popeza magetsi kudalibe. Agogo adatilandira akusenda mtedza pamkeka. Ataona kamera adandiyang'ana ine. "Amuna anga, chimenechi chikumva?" Ndidati, "Chikumva, agogo, ndiponso chikuona." Adalowa m'nyumba kukavala duku lawo la ku Chigwirizano.

Adayankhula maola atatu, matepi atatu. Pa tepi yoyamba adatchula mayina a makolo a mbumba yathu mmodzimmodzi, adasimba zimene adamva kwa agogo awo za mmene Achewa ankathawira m'nkhalango ya phiri la Ntchisi pobisala nkhondo ya Angoni, ndipo adatchula malire a minda yathu, mtengo ndi mtengo, chulu ndi chulu. Pa tepi yachiwiri adakamba za njala ya 1949 ndi za amuna a m'mudzimo amene adapita kumigodi pa Wenela, mpaka pamene ndege idagwa ku Francistown m'mwezi wa April 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu n'kuletsa ulendowo. Pa tepi yachitatu adali atatopa. Adangoimba nyimbo za pamtondo, kuseka, ndi kudzudzula atsibweni chifukwa chochedwa kukwatira.

Titabwerera ku Mponela tidathira zonse mu hard drive yatsopano ija, pafupifupi ma gigabyte 40, theka la nkhokwe yonse. Palibe chithunzi chidagwa ndi chimodzi chomwe. Koma mwezi wa September ndi October ndi nyengo ya maukwati, matepi a MiniDV adali odula ndiponso opezeka ku Lilongwe kokha. Loweruka lina matepi atsopano atasowa, atsibweni adati, "Agogo ali m'kompyuta, ali pabwino." Adatenga tepi yoyamba n'kujambulapo ukwati. Sabata yotsatira, yachiwiri. Yachitatu adaifuna osaipeza, ndipo ine ndidalandira mawu owawa tsiku limenelo chifukwa ndine ndinkasunga chikwama.

Agogo adatisiya mu 2006. Chaka chotsatira, madzulo ena a dzinja kukuchita ziphaliwali, magetsi adathima n'kuyakanso mwamphamvu. Titayatsa kompyuta tidamva kaphokoso kachilendo, kuti tiki, tiki, tiki, ngati wotchi. Kadali kamkono kaja kakufunafuna njira osaipeza. Atsibweni adayenda nayo hard drive ija kwa amisiri atatu. Womaliza adawauza kuti oitsegula m'chipinda chopanda fumbi ali ku South Africa, ndipo mtengo wake ndi wa ng'ombe zingapo, popanda lonjezo loti zitheka. Adabwera nayo kunyumba, osachotsa kapepala kaja, n'kuiika m'sutikesi. Sadaitchulenso mpaka imfa yawo.

Mwina wina anena kuti n'zachibwana kulirira kanema. Dikirani. Patapita zaka khumi kudabuka mkangano wa malire a munda pakati pa mbumba yathu ndi anansi. Pabwalo la mfumu aliyense adaloza chulu chake. Amene ankadziwa adali m'manda, ndipo mawu awo adali m'sutikesi ku Mponela, m'kachitsulo kosayankhula. Tidagawana mundawo pakati kuti pakhale mtendere, koma mpaka lero mabanja awiriwa sapatsana moto.

Phunziro limene buku la ngongole lidalibe ndi ili: hard drive iliyonse idzafa, yodula ndi yotchipa yomwe, funso ndi lakuti liti. Atsibweni adafunsa za liwiro, adafunsa za kukula, koma sadafunse kuti ikadzafa kudzatsala chiyani. Pankhani iyi yokha mwambi wa mapanga awiri udanama. Makolo athu omwe ankadziwa zimenezi. Mbiri ya mudzi sankaiuza mwana mmodzi, ankaiuza mbumba yonse pamoto, kuti wina akaiwala wina akumbuke. Ife tidatenga zimene zinkakhala m'mitu makumi awiri n'kuzitsekera m'kabokosi kamodzi, n'kumati tatukuka.

Nanga tepi yachitatu ija? Idapezeka tsiku lomwelo logawana katundu, itagwera kuseri kwa nsalu yong'ambika ya m'chikwama cha kamera. Ndidasangalala, kenaka ndidazindikira kuti ndilibe poiseweretsera. Makamera a MiniDV adasiya kupangidwa, ma laputopu a masiku ano alibenso bowo la FireWire. Ndidayenda miyezi itatu mu Lilongwe muno ndisanapeze mkulu wina wojambula maukwati amene adasungabe kamera ndi kompyuta yakale. Tidakhala ola lathunthu tikuyang'ana galasi, mtima uli m'mwamba, mpaka tepi idafika kumapeto. Ma gigabyte 13 amenewo tsopano ali pa kamemore khadi kochepa kuposa chikhadabo, pa hard drive ina kwa mlongo wanga ku Blantyre, ndi pa intaneti. Mapanga atatu.

Tsono kwa inu amene muli ndi makaseti m'kabati, nthawi si yanu. Kampani yomaliza yopanga madeki a VHS, Funai ya ku Japan, idasiya mu 2016. Mu 2019 bungwe la UNESCO pamodzi ndi akatswiri osunga mawu ndi kanema adachenjeza dziko lonse kuti makina oseweretsera matepi akutha ndipo zambiri zojambulidwa pamatepi zidzatayika zikapanda kusamutsidwa msanga. Chinyezi cha dzinja chimameretsa nkhungu pa tepi, ma CD amene tinkabena m'misika amasuwa. Tulutsani makasetiwo mwezi uno, funani munthu amene akadali ndi deki yamoyo, musamutse, ndipo mukatero musataye tepiyo. Sungani pawiri kapena patatu, m'nyumba zosiyana. Lembani mayina a anthu amene akuoneka m'kanemamo, chifukwa adzukulu anu sadzawadziwa. Nanunso achinyamata amene mukujambula ndi mafoni, kaya ku Dzaleka pa chikondwerero cha Tumaini kaya pa chinkhoswe ku Nambuma, foni imagwera m'chitsime, imabedwa m'minibasi. Funso la atsibweni likadali lomwelo, langosintha malaya.

Pa Khirisimasi tidaonera tepi ija ndi mbumba yonse ku Ntchisi, pa laputopu yoika pampando. Mulibe mayina a makolo, mulibe malire a munda, mulibe nkhondo ya Angoni. Muli gogo wovala duku akusenda mtedza, akuimba, nkhuku ikudutsa kumbuyo. Ana obadwa iwo atamwalira adakhala chete, kukamwa yasa. Chakumapeto agogo akutembenukira ku kamera n'kunena kuti, "Zimitsani tsopano, mukutha batire ya eni." Mayi anga adaseka mpaka misozi, kenaka adapempha kuti tibwezerenso poyamba.

Kachitsulo kaja ndidakaika pa shelefu pamwamba pa tebulo limene ndikulembera nkhani ino. Kapepala kakadali pomwepo, selotepi yachita chikasu. Mwina tsiku lina ndalama zidzapezeka zopita nako ku South Africa. Pakadali pano ndimangokapukuta fumbi, monga ndinkachitira ndili mu Sitandade 8.